Khoma Linagwa, Munthu Anatsala Chiimire: Mmene Nthabwala za Mafilimu Opanda Mawu Zinkapangidwira

Mu filimu ya Steamboat Bill, Jr. ya mu 1928 muli kachigawo kosakwana n'komwe mphindi imodzi kamene anthu akutumiziranabe pa mafoni mpaka lero, ambiri osadziwa ngakhale dzina la mwini wake. Kunja kukuwomba chimphepo chamkuntho. Mnyamata wina waima pabwalo ali wozunguzika, maso ali kutsogolo. Kumbuyo kwake khoma lonse lakumaso la nyumba yosanja layamba kuweramira pa iye, mwini wake osadziwa kanthu. Khoma lija likufika pansi, phii! fumbi kobo. Fumbi likamachepa mukuona mnyamata uja ali chiimire pomwe anali, chifukwa pamene anaimapo m'pamene panafikira zenera lotsegula la chipinda cham'mwamba.

Mnyamatayo ndi Buster Keaton. Khomalo silinali la pepala kapena la nsalu. Linali la matabwa enieni, lolemera pafupifupi matani awiri, ndipo mpata umene unatsala pakati pa mapewa ake ndi mafelemu a zenera unali wa masentimita ochepa chabe. Pansi anaikapo chizindikiro chosonyeza poti aime. Akanangosuntha phazi pang'ono, bwenzi tsiku lomwelo kuli maliro. Kompyuta kunalibe, ndipo panalibe munthu wina womuimira.

Ndayambira pamenepa chifukwa anthu ambiri akaona mafilimu akale amenewa amangoti n'zachibwana: kugwa chagada, kuthamangitsana ndi apolisi, kupakana makeke kumaso. Ine ndimakana kwamtuwagalu. Zimene zimaoneka ngati chipwirikiti pa chinsalu zinali ntchito yoyezedwa ngati ya mmisiri wa matabwa, ndipo munthu akadziwa mmene inkayezedwera amamvetsanso chifukwa chake kubwera kwa mawu m'mafilimu kunagwetsa akatswiri ena n'kukweza ena.

Dzina limene Angerezi amatchula nthabwala zotere, slapstick, linachokera ku kachipangizo ka azisudzo a ku Italy a zaka za m'ma 1500. Tinali timatabwa tiwiri topyapyala tomangidwa kumapeto kumodzi. Ukamenya nato mnzako tinkalira mwamphamvu, phwa! koma osamupweteka. Woonera amafunika kukhulupirira kuti munthu wamenyedwadi, komanso mtima wake uzikhala m'malo podziwa kuti womenyedwayo adzuka. Mafilimu atangoyamba, nthabwala yoyamba kutchuka inabwera ndi chinthu chachiwiri. Mu 1895 abale awiri a ku France, a Lumière, anajambula L'Arroseur arrosé. Bambo wina akuthirira maluwa ndi paipi, kamnyamata n'kuponda paipiyo kumbuyo kwake, madzi n'kusiya. Bambo uja akusuzumira kukamwa kwa paipi, ndipo kamnyamata kakuchotsa phazi. Chimene chimaseketsa si madzi akumaso okha ayi. Woonera wadziwa kale chimene chikubwera pamene mwini wake sakudziwa, ndipo kamphindi kodikira kameneko ndi kamene kamasunga phwete. Khoma la Keaton ndi paipi yomweyo, koma itakula zaka makumi atatu.

Akatswiri ake sanaphunzire ntchitoyi pa kamera. Anaiphunzira pa siteji, pamaso pa anthu amene sankachedwa kukukuwiza ukawatopetsa. Charlie Chaplin, wobadwira ku London mu 1889, anakulira mu umphawi wadzaoneni. Ali ndi zaka 7 analowa m'nyumba yosungirako amphawi ku Lambeth, ndipo mayi ake, a Hannah, ankalowa n'kutuluka m'chipatala cha anthu odwala misala. Atakula analowa gulu la azisudzo la Fred Karno, limene linkasewera zambiri popanda kuyankhula. Gululi litapita ku America mu 1910, mnyamata woti alowe m'malo mwa Chaplin akadwala anali Stan Laurel. Keaton yekha mbiri yake ndi yoopsa kuimva. Anabadwa mu 1895 ku Kansas makolo ake ali paulendo wa zisudzo, ndipo asanafike n'komwe pa msinkhu wopita kusukulu anali kale pa siteji, bambo ake akumuponya uku ndi uku ngati thumba. M'zovala zake anasokereramo chogwirira cha sutukesi kuti asamavute kunyamula. Mabungwe oteteza ana ankawalondalonda bambowo. Mwanayo anaphunzira kugwa osavulala, ndipo anazindikiranso kuti akaseka pambuyo poponyedwa anthu sankaseka kwambiri, koma akadzuka nkhope ili gwa holo yonse inkafa nacho chikhakhali. Nkhope yosamwetulira imene anadziwika nayo moyo wake wonse inachokera pamenepo.

Fakitale yoyamba ya nthabwala zimenezi inali situdiyo ya Keystone, imene Mack Sennett anatsegula mu 1912 ku Los Angeles. Kumeneko liwiro ndilo linali mfumu. Filimu inkakhala ya mpukutu umodzi, mphindi khumi ndi zochepa, ndipo inkatha ndi mpikisano wothamangitsana, apolisi atapanikizana m'galimoto imodzi, ena akulendewera kumbuyo. Mabel Normand, mayi amene ankasewera komanso kutsogolera kajambulidwe ka mafilimu ake, anali mmodzi mwa mizati ya situdiyoyi, ndipo ena mwa mafilimu oyamba a Chaplin anawatsogolera ndi iyeyo. Chaplin anayamba kuoneka m'mafilimu a Keystone mu 1914 akulandira madola 150 pa sabata. Chaka chomwecho anavala koyamba zovala zimene dziko lonse limamudziwa nazo: buluku lalikulu, jekete lothina, kachipewa, kandodo, tindevu tapamlomo ndi nsapato zomukulira. Pofika 1916 kampani ya Mutual inkamulipira madola 670,000 pa chaka.

Chimene Chaplin anabweretsa n'kuchepetsa liwiro kuti woonera amudziwe munthu amene akugwayo. Taonani The Gold Rush ya mu 1925. Amuna awiri atsekeredwa ndi chipale chofewa m'kanyumba, njala yafika posauzana, ndipo Chaplin waphika nsapato yake. Sakuidya ngati wanjala. Akuitsira msuzi mosamala, akugawira mnzake mwaulemu, zingwe za nsapato akuzikulunga pa foloko, misomali akuipsipa umodziumodzi ngati mafupa a nkhuku. Nsapato imene anajambulira inapangidwa ndi switi wakuda, koma njala imene ili m'kachigawoka ndi yeniyeni, ya mwana wa ku Lambeth uja. Munthu amaseka, pomwepo mtima n'kumamuwawa, chifukwa akuona mmphawi amene wakana kutaya ulemu wake ngakhale chakudya chili chikopa. Kuti zimenezi zituluke bwino Chaplin ankabwereza mopanda chifundo. Pojambula City Lights, kachigawo kamene mtsikana wosaona wogulitsa maluwa akumuyesa munthu wolemera anakabwereza maulendo 342.

Tsono tifike pa kamera, poti apa m'pamene pagona nkhani. Kamera za nthawi imeneyo ankazipukusa ndi dzanja. Wojambula akapukusa pang'onopang'ono, kamera inkatenga zithunzi zochepa pa sekondi, ndipo poonetsa filimuyo zonse zinkayenda mofulumira. Choncho wojambula waluso ankasintha dzanja lake molingana ndi chochitika: pothamangitsana n'kuchedwetsa dzanja kuti miyendo iziwuluka, pa nkhope yachisoni n'kubwerera pa liwiro la masiku onse. Liwiro limeneli linkapangitsa thupi kuoneka lopepuka, moti munthu akagwa sankaoneka wopwetekedwa. Ndinene pano kuti kuthamanga kopitirira muyeso kumene timaona m'makope ena a mafilimuwa si mmene eni ake anafunira. Ambiri anajambulidwa pa zithunzi zosakwana 24 pa sekondi, ndiye akawaonetsa pa makina a masiku a mawu amathamanga mopitirira.

Chinanso n'chakuti kamera inkaima patali n'kumaonetsa thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, pamodzi ndi chinthu choopsacho, osadula. Keaton ankaumirira zimenezi kuposa wina aliyense. Ankadziwa kuti ukadula chithunzi pakati, n'kuonetsa khoma palokha kenako munthu payekha, woonera amazindikira mumtima kuti wapusitsidwa. Kuona munthu ndi ngozi m'chithunzi chimodzi ndi kumene kumaimitsa mpweya, ndipo mpweya woimawo ndi umene umatuluka ngati kuseka. Mtengo wake unali thupi lake. Pojambula Sherlock Jr. mu 1924 anagwira paipi ya thanki yothira madzi m'sitima, madzi n'kumugwetsera pa njanji ndi mphamvu yoopsa. Anadzuka n'kupitiriza kuthamanga monga mmene sewero linkafunira, mutu n'kumamuwawa kwa masiku angapo. Patapita zaka zambiri dokotala anamuunika n'kupeza kuti tsiku limenelo anathyoka fupa la m'khosi. Mu The General ya mu 1926 anafuna kuti sitima igwe pa mlatho woyaka moto, ndipo anagwetsadi injini yeniyeni ya sitima mumtsinje pafupi ndi tauni ya Cottage Grove ku Oregon. Chithunzi chimodzi chimenecho chinadya madola pafupifupi 42,000, ndipo zitsulo zake zinakhala mumtsinjemo mpaka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Harold Lloyd anali wosiyana ndi awiriwa. Iye ankasewera ngati mnyamata wamba wa magalasi, wofuna kukwera pantchito ndi kukwatira. Chithunzi chake akulendewera pa muvi wa wotchi yaikulu pamwamba pa msewu, mu Safety Last! ya mu 1923, n'chodziwika ngakhale kwa anthu amene sanaonepo filimuyo. Apa panali nzeru ya kamera. Anamanga khoma lonamizira pa madenga a nyumba zitalizitali za mu Los Angeles, kamera n'kuiika pamalo poti msewu weniweni uzioneka pansi patali, pamene pansi pa mapazi ake panali nsanja. Komabe nsanjayo inali pamwamba pa denga, ndipo Lloyd ankalendewera ndi dzanja lopereweza. Mu 1919 bomba limene ankaliyesa loseweretsa linamuphulikira m'manja akujambulitsa zithunzi, n'kumudula chala chachikulu ndi chamkombaphala cha kudzanja lamanja. Kuyambira pamenepo ankavala gulovu yobisa chilemacho. Amene munakulira pa mafilimu a Jackie Chan munaona kale mbewu ya anthu amenewa: mu Project A ya mu 1983 Chan akulendewera pa wotchi n'kugwa kuchokera pamwamba, ndipo iye mwini sabisa kuti anaphunzira kwa Lloyd, Keaton ndi Chaplin.

Sindingayamikire mafilimuwa n'kubisa chilema chawo. Anapangidwa mu America wa tsankho, ndipo m'mafilimu angapo munthu wakuda amangooneka ngati wantchito wamantha wotuzula maso, kapena mzungu wodzipaka zakuda kumaso. Ngwazi ya mu The General ili kumbali ya asilikali a kum'mwera pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, amene ankamenyera nkhondo kuti ukapolo upitirire, ndipo filimuyo siitchula n'komwe za akapolowo. Zimawawa kwambiri ukadziwa kuti luso linalipo. Bert Williams, wazisudzo wakuda amene anali mmodzi mwa otchuka kwambiri pa siteji za ku New York, anajambula filimu yaitali mu 1913 pamodzi ndi gulu la osewera akuda, koma sinamalizidwe, ndipo anthu anadzaona mipukutu yake patapita zaka zoposa 100, mu 2014.

Chakumapeto kwa nyengo yopanda mawu, ku situdiyo ya Hal Roach kunabadwa mtundu wina wa nthabwala. Mu 1927 anaphatikiza Stan Laurel, Mngerezi wowonda uja wa kwa Karno, ndi Oliver Hardy, chimunthu chonenepa cha ku Georgia. Awiriwa anatembenuza lamulo la Keystone: m'malo mothamanga, anayamba kuchedwa dala. Mu Big Business ya mu 1929 akugulitsa mitengo ya Khirisimasi khomo ndi khomo. Bambo wina, amene akuseweredwa ndi James Finlayson, wakana kugula n'kutseka chitseko, koma nthambi ya mtengo yapanikizika pachitsekopo. Akugogodanso, bambo uja akutsegula atakwiya, ndipo posakhalitsa wadula mtengowo ndi sizasi ya m'munda. Apa m'pamene pali luso. Palibe amene akuletsa mnzake. Bambo uja akamaphwanya galimoto yawo, iwo akungoima n'kumayang'anitsitsa mpaka amalize. Akatero akuyang'anana, n'kupita kukaswa zenera la nyumba yake, iyenso ali chiimire kuonerera. Aliyense akudikira nthawi yake ngati anthu a pabwalo la milandu, mpaka galimoto yatha, nyumba yasanduka bwinja, wapolisi ali poteropo akulemba m'kabuku. Kudikira kwa bambo wa paipi uja kwatalikitsidwa mpaka kudzaza filimu yonse.

Mu Okutobala 1927 kunatuluka The Jazz Singer, filimu imene munkamveka mawu a wosewera akuimba ndi kuyankhula, ndipo pasanathe zaka zitatu masitudiyo akuluakulu onse a ku Hollywood anali atasamukira ku mafilimu a mawu. Paja mafilimu akale aja sankaonetsedwa kuli zii. M'nyumba zoonetsera munkakhala woimba piyano, m'mizinda ikuluikulu gulu lonse la oimba, ndipo anthu amenewa ndi amene anayamba kutha ntchito. Kwa anthabwala vuto linali la makina. Kuti mawu amveke bwino filimu inayenera kuyenda pa liwiro limodzi, zithunzi 24 pa sekondi, choncho dzanja la wojambula lija linalandidwa ufulu. Kamera inkachita phokoso, ndiye m'zaka zoyambirira ankaitsekera m'kabokosi kotchinga mawu, osatha kuithamangitsa m'misewu. Osewera ankaunjikana pafupi ndi maikolofoni yobisika. Thupi likagwa pa liwiro lake lenileni, ndi kulira kwake komveka, linayamba kuoneka lolemera, ndipo ululu umene timatabwa ta ku Italy tinkabisa unayamba kuonekera.

Koma kunena kuti mawu okha ndiwo anapha Keaton n'kulakwitsa. Mawu ake anali abwinobwino, ndipo iye ankafuna kuyesa mafilimu olankhula. Chinamugwetsa n'chakuti mu 1928 anataya situdiyo yake n'kulowa mu kampani yaikulu ya MGM. Kale ankayamba kujambula ali ndi chiyambi ndi mathero okha m'mutu, zapakati n'kumazipeza ali pamalo ndi anyamata ake, ndipo nzeru ikasowa ankaima kaye n'kumasewera mpira wa baseball. Ku MGM anamupatsa sewero lolembedwa kale, lodzaza ndi zoyankhula, anabalalitsa gulu lake, n'kumuletsa kuchita yekha zoopsa poti tsopano anali katundu wodula wa kampani. Banja linatha, mowa unamulowerera, ndipo mu 1933 anamuchotsa ntchito. Pambuyo pake munthu amene anagwetsa sitima pa mlatho ankalandira kamalipiro kochepa popangira anzake nthabwala, kuphatikizapo gulu la anthabwala la abale a Marx. Chaplin anapulumuka chifukwa anali mwini wa zonse: situdiyo inali yake, ndipo kampani yogulitsa mafilimu ake, United Artists, anaikhazikitsa yekha ndi anzake atatu mu 1919. N'chifukwa chake anatha kutulutsa City Lights mu 1931 ndi Modern Times mu 1936 popanda kukambirana kwa osewera kumene kunali kutadzaza m'mafilimu ena a nthawiyo. Ankadziwa kuti kamunthu kake ka kandodo kankamveka kwa Mfalansa, Mjapani ndi Mmwenye chifukwa sikankayankhula chinenero cha wina aliyense. Pamene anakalola kutsegula pakamwa, chakumapeto kwa Modern Times, kanaimba nyimbo ya mawu opanda tanthauzo m'chinenero chilichonse.

Laurel ndi Hardy okha mawu anawakomera ngati anawapangira iwowo. Nthabwala zawo sizinkadalira liwiro la kamera, ndipo mawu awo anagwirizana ndi matupi awo: Hardy woyankhula mwaulemu wonyada, Laurel wa kamawu kolira. Anazindikiranso msanga kuti khutu lingathe kugwira ntchito ya diso. Munthu amatha kugwa pa masitepe kamera osamuonetsa, ife n'kumangomva gubudu gubudu, tikuyang'ana nkhope ya mnzake. Vuto la zinenero analithana nalo movutikira: m'ma 1930 ndi 1931 ankajambula filimu imodzi kangapo, m'Chisipanishi, m'Chifalansa, m'Chijeremani ndi m'Chitaliyana, akuwerenga mawu olembedwa pa bolodi kuseri kwa kamera, mawu oti sankawamva tanthauzo.

The Music Box ya mu 1932, imene inapata mphoto ya Oscar, ndiyo imandionetsa bwino zimene mawu anawonjezera. Awiriwa atumidwa kukatula piyano ku nyumba ya pamwamba pa phiri, ndipo njira imene akuiona ndi masitepe oposa 130, amene alipobe mpaka lero m'dera la Silver Lake ku Los Angeles. Akukankha, akubuula, akufika pakati, piyano n'kupulumuka. Ikamatsika ikulira m'bokosi mwake sitepe iliyonse, nsambo zonse zikudandaula, mpaka kukaima mumsewu. Kulira kumeneko filimu yopanda mawu sikanakupatsani. Atafika nayo pamwamba pomaliza, thukuta lili kamukamu, wamtengatenga wa makalata akuwauza kuti pali msewu wozungulira umene akanadzera ndi ngolo yawo. Awiriwa akuyang'anana, akunyamulanso piyano ija, akutsika nayo masitepe onse, n'kuikweza m'ngolo kuti adzere njira yoyenerayo.

Zambiri mwa ntchito za nyengo imeneyi sitidzazionanso. Filimu ya masiku amenewo inkapangidwa ndi mankhwala osachedwa kuyaka ndiponso owola akakhalitsa, ndipo mawu atabwera makampani ambiri sanaone chifukwa chosungira katundu wakale. Kafukufuku amene Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inatulutsa mu 2013 anapeza kuti pa mafilimu aataliatali opanda mawu pafupifupi 11,000 opangidwa m'dzikomo, 70 pa 100 alionse anatayika kotheratu. Ngakhale The Battle of the Century ya mu 1927, mmene Laurel ndi Hardy anayambitsa nkhondo ya makeke pafupifupi 3,000 mumsewu, kwa zaka zambiri inkangopezeka zidutswazidutswa. Mu 2015 munthu wina wosonkhanitsa mafilimu akale analengeza kuti wapeza mpukutu wake wachiwiri wonse m'katundu amene anagula kwa banja la wosonkhanitsa mafilimu wina womwalira. Atauonetsa, anthu anaona mmene nkhondoyo imayambira: khoko limodzi la nthochi pansi, wonyamula makeke akuterereka, keke yoyamba ikutera pankhope, ndipo wopakidwayo akuyamba wapukuta m'maso mwake bwinobwino asanatole yake.